Nsapato ya kumanja ndi ya kumanzere: mbiri ya ma alcohol apachibale



Ndiyambe ndi kuulula cholakwa. Kwa zaka zambiri ndinkauza ana a Folomu 4 kuti mamolekyu awiri akakhala ndi maatomu ofanana, olumikizananso mofanana, ndiye kuti ndi chinthu chimodzi. Ndinkanena motsimikiza choko chili m'manja, ndipo ambiri a inu munakhoza nazo MSCE. Koma si zoona zonse. Chimene chinanditsegula maso ndi matenda a mng'ono wanga. Atamupeza ndi TB anamupatsa mankhwala anayi: rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol. Ine, poti mtima sunali m'malo, ndinafumbula buku langa lakale la ku koleji kuti ndidziwe zimene mbale wanga akumeza m'mawa uliwonse. Pa dzina la ethambutol ndinapeza zilembo ziwiri, S,S. Zilembo zimenezo zinandiwerengetsa kwa miyezi, ndipo lero ndati ndikugawireniko.

Tayang'anani nsapato zanu. Chikopa n'chimodzi, zingwe n'zofanana, wosoka ndi mmodzi, koma ya kumanzere simungaivale kumanja. Ina ndi chithunzi cha inzake cha m'kalilole. Mamolekyu ena ali choncho. Ethanol wa m'kachasu alibe mbali, chifukwa kaboni yonyamula OH ili ndi haidrojeni awiri ofanana. Koma tengani butan-2-ol, alkanol amene timajambula pa bolodi chaka ndi chaka. Kaboni yachiwiri yagwira zinthu zinayi zosiyana: H, OH, CH3 ndi C2H5. Zinayizi mungathe kuzisanja m'njira ziwiri, ndipo ngakhale mutembenuze bwanji, ziwirizo sizilowana. Zimawira pa kutentha kofanana, zimasungunuka mofanana, choncho sungazilekanitse potcheza ngati mowa. Funso la momwe tingapezere mbali imodzi yokha lavutitsa akatswiri kwa zaka zoposa 170.

Nkhani inayambira ku France. Mu 1815 Jean-Baptiste Biot anaona kuti madzi a shuga ndi mafuta a turpentine amapotoza kuwala kosefedwa, ena kumanja, ena kumanzere. Chifukwa chake sanachidziwe. Mu 1848 ku Paris, mnyamata wazaka 25, Louis Pasteur, ankaunika timiyala ta mchere wa tartaric acid, asidi amene amatsalira m'migolo ya vinyo. Anaona kuti timiyalato tili mitundu iwiri, wina chithunzi cha mnzake. Anatisankha kamodzikamodzi ndi kopanira, ngati mayi akusankha mpunga, nasungunula mulu uliwonse pawokha. Mulu wina unapotoza kuwala kumanja, wina kumanzere. Biot, nkhalamba ya zaka zoposa 70, sanakhulupirire mpaka Pasteur atabwereza zonse iye akuona. Panalinso mwayi: mcherewu umagawika chonchi pokhapokha kutentha kukhale kochepera madigiri pafupifupi 27. Akanakhala ku Nsanje mwezi wa Okutobala sakanaona kanthu!

Patapita zaka khumi Pasteur anapezanso china. Tizilombo ta nkhungu tikapatsidwa asidi wa mbali zonse ziwiri, timadya mbali imodzi n'kusiya inayo. Apa ndi pamene njira ziwiri za nkhani yathu zinayambira: ina ya mankhwala a m'labotale, ina yobwereka luso kwa zamoyo. Mu 1874 Jacobus van 't Hoff wa ku Netherlands ndi Joseph Le Bel wa ku France, aliyense payekha, anafotokoza gwero lake: manja anayi a kaboni sagona pa pepala monga timajambulira, amaloza ku ngodya zinayi. Mu 1894 Emil Fischer anayerekezera enzyme ndi loko amene amatseguka ndi kiyi mmodzi yekha. Zilembo R ndi S zinabwera mu 1956 kuchokera kwa Cahn, Ingold ndi Prelog, ndipo zikuimira mawu a Chilatini otanthauza kumanja ndi kumanzere.

Ma alcohol ankavuta kuposa asidi chifukwa sapanga mchere. Kuyambira 1907, Robert Pickard ndi Joseph Kenyon ku England anapeza nzeru. Ankamangirira alcohol ku phthalic anhydride kuti akhale ndi mchira wa asidi, kenako n'kuonjezera brucine, mankhwala a mbali imodzi ochokera mu njere za mtengo wa ku India wa banja limodzi ndi mateme athu. Zili ngati kulowetsa phazi la kumanja mu nsapato zonse ziwiri: ina ikwana, ina ithina. Michere iwiri yotulukapo imasungunuka mosiyana, ndiye wina umayamba kuuma, n'kuusefa. Njirayi inagwira ntchito pa octan-2-ol ndi ena ambiri. Vuto lake ndi masamu a Sitandade 5: ukagawa chinthu pakati, chimene ukufunacho sichingapose theka. Theka linalo ndi ndalama zotayika.

Zamoyo sizitaya choncho. Mu 1921 ku Berlin, Carl Neuberg anaona kuti yisiti wofufumitsa shuga akapatsidwa benzaldehyde amapanga alcohol wa mbali imodzi yokha, ndipo m'zaka za m'ma 1930 mafakitale a ku Germany ankapangira ephedrine, mankhwala a mphumu, kuchokera pamenepo. Mu 1953 ku Chicago, Frank Westheimer ndi Birgit Vennesland anaika chizindikiro cha deuterium pa ethanol naonetsa kuti enzyme ya m'yisiti, alcohol dehydrogenase, imasiyanitsa ngakhale haidrojeni awiri aja amene ife timati ndi ofanana. Nthawi zonse imachotsa wa mbali yomweyomweyo. Chifukwa chake n'chakuti enzyme nayonso ili ndi mbali, poti inamangidwa ndi ma amino acid a mbali imodzi. Thupi lathu lonse lili choncho. Ndiye thupi ndi phazi, mankhwala ndi nsapato.

Anthu a m'labotale sanagonje. Anadzifunsa kuti, bwanji osapanga mbali yofunikayo kuyambira pachiyambi? Mu 1961 Herbert Brown wa ku Purdue anatenga pinene wa mu utomoni wa paini, amene mwachilengedwe ali ndi mbali, namulumikiza ku boron, n'kupanga butan-2-ol wopendekera kwambiri mbali imodzi. Komabe pamafunika molekyu imodzi ya mankhwala akewo pa molekyu iliyonse ya alcohol. Mu 1968 William Knowles wa ku Monsanto anaonetsa kuti catalyst ya rhodium yokhala ndi mbali, ngakhale ikhale yochepa, ingathe kutsogolera mamolekyu ambirimbiri, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ankapangira L-DOPA, mankhwala a matenda a Parkinson. Mu 1980 Ryoji Noyori wa ku Nagoya anatulutsa BINAP, ndipo mu 1987 anailumikiza ku ruthenium n'kusandutsa ma ketone ena kukhala ma alcohol a mbali imodzi pafupifupi onse. BINAP yomweyo inathandiza kampani ya Takasago kupanga menthol, alcohol wozizira uja wa mu mankhwala otsukira mano. Mu 1980 momwemo Barry Sharpless ndi Tsutomu Katsuki anapeza njira yoikira okosijeni mbali imodzi ya ma alcohol ena, ndipo chowongolera chake chinali chiyani? Tartaric acid wa Pasteur uja! Knowles, Noyori ndi Sharpless analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Mu 1987 Corey, Bakshi ndi Shibata anabweretsanso catalyst yopangidwa kuchokera ku proline, imene ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Ma enzyme nawo anali ndi zovuta zawo. Ankati amagwira ntchito m'madzi mokha, pomwe mankhwala ambiri sasungunuka m'madzi. Mu 1984 Alexander Klibanov wa ku MIT anaonetsa kuti lipase, enzyme yogaya mafuta, imagwira ntchito m'madzimadzi a m'labotale opanda madzi, ngakhale pa madigiri 100. Lipase imasankha mbali imodzi ya alcohol n'kuisandutsa ester, inayo n'kuisiya, monga nkhungu ya Pasteur. Theka lija linali lidakatayikabe. Mu 1997 Jan-Erling Bäckvall wa ku Sweden anaika ruthenium ndi lipase mu mphika umodzi. Ruthenium amatembenuza mbali yotsalayo, lipase n'kumatola imene ikufunika, mpaka pafupifupi zonse zitathera mbali imodzi. Njira ziwiri zimene zinasiyana m'masiku a Pasteur zinakumana pamenepa. Ndipo kuyambira 1993 Frances Arnold wa ku Caltech anaphunzitsa dziko kusintha ma enzyme monga mlimi asankhira mbewu: kusintha chibadwa pang'ono, kusunga yabwino, kubwerezanso. Analandira Nobel mu 2018. Ndi nzeru yotereyi kampani ya Codexis inapanga ma enzyme okonza alcohol wofunika pa atorvastatin, mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi, nilandira mphoto ya boma la America mu 2006.

Tsopano tibwerere kwa mng'ono wanga. Ethambutol anapezeka mu 1961 ku Lederle Laboratories ku America. Amapangidwa kuchokera ku 2-aminobutan-1-ol, alcohol wa mbali ziwiri, ndipo njira imodzi yodziwika yolekanitsira mbalizo ndi tartaric acid yemwe uja. Mtundu wa S,S umalimbana ndi kachilombo ka TB mwamphamvu kuposa chithunzi chake cha m'kalilole nthawi pafupifupi 500. Ethambutol akachuluka m'thupi angathe kuwononga maso, choncho kumwetsa wodwala mbali yosachizayo kukanakhala kumuonjezera ngozi popanda phindu. Dolutegravir, amene kuyambira 2019 analowa m'ma ARV amene ambiri kuno ku Malawi amamwa, amamangidwanso ndi alcohol wa mbali imodzi, R-3-aminobutan-1-ol. Mng'ono wanga anamaliza miyezi yake 6, anachira, ndipo akuona bwinobwino.

Aphunzitsi anzanga, ndikudziwa kuti silabasi sitifunsa zimenezi ndipo nthawi ndi yochepa. Koma mphindi 10 zimakwana. Umbani mpira wa dongo, mubayepo timitengo ta machesi tinayi, kunsonga muike zitsekerero za mabotolo za mitundu inayi yosiyana. Imikani kalilole, ana aumbe chimene akuona m'kalilolemo, kenako muwauze kuti asanjikize ziwirizo kuti mitundu yonse ilingane. Adzalimbana nazo, adzakangana, adzalephera, ndipo kulephera kumeneko ndiye phunziro. Ine ndinayesa, ndipo belu linalira ana akutembenuzabe dongo.

Kwa inu ana anga amene ndinakuuzani zoperewera, pepani. Ngati buku lanu la Folomu 4 lidakalipo, tsegulani pa ma isomer mulembe m'mphepete kuti: yang'ananso m'kalilole.