Mbiri ya mafamasi a FARMAC ndi mtunda womwe udakalipo kum'mwera kwa Niassa

Pakati pa achinyamata ena a ku Cuamba, Mandimba ndi Ngauma, m'chigawo cha Niassa, pali maganizo akuti masitolo ovomerezeka ogulitsa mankhwala, omwe anthu amawatcha mafamasi, anayamba m'dziko la Mozambique nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, pamene amalonda oima paokha anapeza mpata. Maganizowa ali ndi pogwira, chifukwa mafamasi ambiri omwe akuoneka m'matauni amenewa ndi a zaka zaposachedwa, koma amaiwala kuti kuyambira mu 1977 dzikoli lakhala ndi kampani ya boma yotchedwa FARMAC, yomwe inasonkhanitsa mafamasi a m'zigawo zosiyanasiyana pansi pa ulamuliro umodzi. Mbiri ya kampaniyi ikusonyeza kuti Mozambique inadziwa msanga kusankha mankhwala oyenera ndi kuwagula motchipa, koma vuto la mtunda pakati pa shelefu ndi wodwala silinatheretu mpaka lero.

Za nthawi ya atsamunda n'zochepa. Mpaka 1929 dera la Niassa linkalamulidwa ndi Companhia do Niassa, kampani yomwe inkasamala za msonkho ndi thangata kuposa za umoyo wa anthu, ndipo odwala ankadalira asing'anga ndi zitsamba zawo, kenaka timazipatala ta mishoni monga ya Akatolika ya ku Massangulo, m'boma la Ngauma la lero. Ngakhale njanji yochokera ku Nacala, kunyanja yamchere, inadutsa pa Cuamba, yomwe inkatchedwa Nova Freixo, n'kukafika ku Vila Cabral, yomwe ndi Lichinga, mu 1969, mafamasi enieni anaunjikana m'mizinda ya Lourenço Marques ndi Beira, kumene kunali Apwitikizi ambiri ogula. Mitundu ya mankhwala yomwe inkaloledwa kugulitsidwa inali masauzande ambiri, ndipo yochuluka inali mankhwala amodzimodzi osiyana dzina ndi mtengo chabe.

Zinthu zinatembenuka dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Patangotha mwezi umodzi, pa 24 Julaye, boma la Samora Machel linalengeza kuti ntchito zonse za chipatala zili m'manja mwa boma ndipo kuchiza anthu ngati bizinesi ya munthu payekha kwaletsedwa. Apwitikizi ambiri anachoka, madokotala otsala sanakwane 100 m'dziko lonse, ndipo mafamasi ambiri anasiyidwa opanda eni ake. Mu 1977 boma linachita zinthu zitatu zogwirizana. Linasindikiza Formulário Nacional de Medicamentos, buku lokhala ndi mndandanda wa mankhwala okhawo oyenera kugwiritsidwa ntchito m'zipatala, omwe anali 430. Linakhazikitsa Medimoc, kampani yoitanitsa mankhwala kuchokera kunja. Ndipo linakhazikitsa FARMAC kuti iyendetse mafamasi osiyidwa aja n'kumagulitsa mankhwala kwa anthu wamba. Bukulo linatuluka miyezi ingapo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lisanatulutse mndandanda wake woyamba wa mankhwala ofunikira kwambiri mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo ichi n'chifukwa chake akatswiri a zaumoyo amatchulabe Mozambique pakati pa mayiko omwe anatsogola pa nkhaniyi.

Nzeru ya dongosololi inali yosavuta kuimvetsa. Dokotala kapena namwino ankalemba pa receita, lomwe ndi pepala lokatengera mankhwala, dzina lenileni la mankhwalawo osati dzina lamalonda lomwe kampani yopanga inawapatsa, kotero kuti wogula ankapatsidwa paracetamol kapena chloroquine wa mtengo wotsika m'malo molipirira kukongola kwa kabokosi. Popeza boma linkagula mankhwala ochepa mitundu koma ochuluka nthawi imodzi, linkatha kupikisanitsa ogulitsa a kunja ndi kutsitsa mitengo. Komabe FARMAC inalandira masitolo pamalo pomwe atsamunda anawamanga, ndiye kuti m'mizinda ndi m'matauni akuluakulu, motero mapu a kampani yatsopanoyi anafanana ndi mapu akale. Kumidzi udindo unagwera zipatala zing'onozing'ono ndi anthu osankhidwa m'mudzi otchedwa APE, omwe kuyambira mu 1978 ankaphunzitsidwa miyezi yochepa n'kupatsidwa kabokosi ka mankhwala a malungo, a mabala ndi a kutsegula m'mimba.

Nkhondo inagwetsa msanamira yakumidziyo. M'zaka za m'ma 1980 zipatala zing'onozing'ono mazanamazana zinatenthedwa kapena kutsekedwa, sitima ya pa njanji ya Nacala inasiya kuyenda, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ena mwa iwo kudzera m'njira za ku Mandimba ndi Mecanhelas. Ndalama zakunja zogulira mankhwala zinasowa, dziko n'kuyamba kudalira thandizo la mayiko ena. Ndondomeko yokonzanso chuma ya mu 1987 inagwetsa mphamvu ya ndalama ya metikali ndi kutsegulira msika amalonda, ndipo lamulo la mu 1991 linalolanso zipatala za anthu oima paokha. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, othawa nkhondo anabwerera kwawo, ena atazolowera mapiritsi a m'magolosale a ku Malawi.

Lamulo la mankhwala la mu 1998 linaika malamulo olembetsera mankhwala ndi otsegulira famasi, ndipo kuyambira pamenepo mafamasi a anthu oima paokha anachuluka mofulumira mpaka kuposa a FARMAC kutalitali. FARMAC yokha, yokhala ndi masitolo makumi angapo, inasanduka mmodzi mwa opikisana pamsika, ngakhale inakhalabe m'gulu la makampani omwe boma lili ndi gawo, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la IGEPE. Kukula kwa msikaku kunali kwenikweni, koma kunatsata ndalama: wamalonda amatsegula famasi pomwe pali magetsi oyendetsera filiji, msewu wobweretsera katundu ndi anthu olandira malipiro pamwezi. Niassa ndi chigawo chachikulu koposa zonse m'dzikoli, chokhala ndi masikweya kilomita pafupifupi 129,000, koma kalembera wa 2017 anapezamo anthu pafupifupi 1.8 miliyoni okha, omwazikana m'midzi yotalikirana. Cuamba, pokhala pamphambano ya njanji ndiponso pamsika wa thonje ndi fodya, inakopa amalonda. Midzi ya ku Ngauma sinathe kutero.

Kufooka kwa dongosololi kunaonekera poyera m'zaka ziwiri zotsatizana. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unasefukira n'kugumula msewu waukulu pa Mocuba, m'chigawo cha Zambézia, komanso kugwetsa nsanja za mawaya a magetsi, kotero kuti kumpoto kwa dzikoli kunakhala mumdima pafupifupi mwezi wathunthu ndipo magalimoto ochokera kum'mwera sanathe kuwoloka. Mankhwala monga insulin, yomwe odwala shuga amabaya, ndi akatemera amafunika kusungidwa pozizira nthawi zonse, ndipo magetsi akathima kwa masiku ambiri chiyembekezo chimatsalira pa jenereta ndi mafuta ake. Chaka chotsatira, mu 2016, kunaululika ngongole zobisika za ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, mayiko othandiza anaimika thandizo lawo ku bajeti ya boma, ndipo metikali, yomwe kumapeto kwa 2015 inkasinthidwa pa 45 pa dola imodzi, inagwa mpaka kuyandikira 80. Popeza pafupifupi mankhwala onse a m'dzikoli amachokera kunja, makamaka ku India ndi ku Portugal, ngakhale fakitale ya mankhwala ya ku Matola yomangidwa mothandizidwa ndi Brazil inatsegulidwa mu 2012, aliyense woitanitsa katundu anafunika mametikali ochuluka pafupifupi kawiri kuti agule bokosi lomwelo. Famasi ya mumzinda inakweza mitengo n'kupulumuka, koma wodwala wakumudzi analibe pokwezera ndalama zake za nandolo ndi chimanga.

Zotsatira zake zimaoneka bwino pa zenera loperekera mankhwala la chipatala chilichonse chaching'ono. Mayi yemwe wabwera ndi mwana wotentha thupi amalipira mametikali 5 pa receita yonse, mtengo womwe ndi cholowa chenicheni cha mfundo za 1977, ndipo mankhwala akakhalapo amapita nawo kwawo m'kajumbo kakang'ono kolembedwa nthawi yomwera. Akamuuza kuti mtundu wina watha ndipo akagule kunja, mayiyo amawerengera mtengo wa njinga yamoto yopita kutauni, tsiku lotayika kumunda ndi mtengo wa mankhwalawo, ndipo kawirikawiri amathera pa benchi la pamsika, pomwe makapisozi ofiira ndi achikasu amagulitsidwa awiriawiri ali padzuwa, popanda wofunsa kulemera kwa mwanayo kapena tsiku lomwe mankhwalawo adzathere mphamvu. Ku Mandimba ena amawolokera ku Chiponde, mbali ya Mangochi, kukagula ndi makwacha. Kumwa mankhwala opha tizilombo mwatheka chonchi kumachititsa kuti tizilomboto tizolowere, monga momwe malungo anagonjetsera chloroquine mpaka dziko linasamukira ku mankhwala a Coartem.

Komabe zina zasintha. Lamulo latsopano la mankhwala la mu 2017 linakhazikitsa ANARME, bungwe loyang'anira ubwino wa mankhwala ndi kayendetsedwe ka mafamasi. Njanji ya Cuamba kupita ku Lichinga inatsegulidwanso mu 2016. Ndipo msewu wa N13, womwe umadutsa pa Mandimba ndi Massangulo, unaikidwa phula, kotero kuti ulendo wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Cuamba kukafika ku Mandimba sulinso wa tsiku lathunthu m'nyengo ya dzinja. Chifukwa chakale chakuti katundu sangafike chachepa mphamvu. Chatsala ndi funso lomwe omwe anakhazikitsa FARMAC analisiya losayankhidwa, lakuti famasi yovomerezeka ingaime bwanji pamalo pomwe phindu ndi lochepa koma odwala ndi ambiri. Kampani yokhala ndi masitolo ambiri ili ndi mwayi womwe wamalonda mmodzi alibe, woti phindu la sitolo ya mumzinda lichirikize sitolo ya kutali, ndipo kukula kwa mafamasi m'dziko la Mozambique kudzayenera kuyezedwa ndi makilomita omwe mayi wa ku Ngauma amayenda atanyamula receita m'manja.