Foni yosanduka kompyuta: anayamba kale kuyesa

Anzanga, ambiri mwa inu mumalemba CV ndi makalata ofunsira ntchito pa foni, ndi chala chimodzi, mpaka maso kuwawa. Mwina munamvapo zoti pali mafoni ena oti ukawalumikiza ku TV n'kuikapo kiyibodi ndi mausi, amagwira ntchito ngati kompyuta ya pa desiki. N'zoona ndithu. Koma sizinayambe dzulo ayi, ndipo makampani angapo akuluakulu anagwa nazo chagada.

Amene anayamba kuchita nazo phokoso ndi a Motorola mu 2011, ndi foni yawo ya Atrix. Anapanganso chinthu chooneka ngati laputopu, dzina lake Lapdock: sikirini, kiyibodi ndi batire basi, mkati mopanda ubongo. Ukasomeka foni kumbuyo kwake, pa sikirini pankatuluka Firefox ngati ya pa kompyuta. Olemba nkhani anaombera m'manja. Vuto linali mtengo. Lapdock payokha inkagulitsidwa pafupifupi madola 500 ku America, ndalama yoti munthu akanatha kugula laputopu yeniyeni, tsono ugulirenji chikhungwa? Komanso inali yochedwa. Mu 2012 anazisiya.

Kenako kunabwera Mark Shuttleworth wa ku South Africa, mwini kampani ya Canonical yomwe imapanga Ubuntu. Mu 2013 anapempha anthu pa intaneti kuti asonkhe madola 32 miliyoni m'mwezi umodzi kuti apange foni ya Ubuntu Edge, yoti m'thumba ikhale foni, pa desiki ikhale kompyuta. Anthu anasonkha oposa 12 miliyoni, zomwe si zamasewera, koma sizinakwane. Foniyo siinapangidwe n'komwe, ndipo mu 2017 kampaniyi inasiyiratu za mafoni. Microsoft nayo inayesa mu 2015 ndi Lumia 950. Ukailumikiza inkaoneka ngati Windows 10, koma mapulogalamu a pa kompyuta omwe anthu anazolowera sankatseguka. Nkhope yokha, ntchito zii.

Amene anapulumuka ndi a Samsung. DeX inatuluka mu 2017 pamodzi ndi Galaxy S8. Apa mafoni anali atakhala amphamvu, ndipo Word, Excel ndi Chrome zinalipo kale pa Android. Poyamba inkafuna kachipangizo koikapo foni, mu 2018 chingwe chokha cha HDMI chinayamba kukwanira, ndipo mu 2020 zinayamba kutheka popanda chingwe pa ma TV ena.

Mmene ndikuonera ine, chomwe chinkawagwetsa enawo si luso lokha. Ankagulitsa zinthuzi kwa anthu oti laputopu ali nayo kale kunyumba ndi ku ofesi. Munthu woteroyo foni yosanduka kompyuta ndi chidole chabe. Amene tingaigwiritse ntchito zenizeni ndi ife, amene foni ndiyo kompyuta yathu yokhayo, oti tikafuna kutaipa bwinobwino timakalipira pa shopu yosindikiza mapepala. Koma mpaka lero DeX imapezeka makamaka m'mafoni odula, a Galaxy S ndi Fold, amene ambiri a ife timangowaona pa shelefu.

Ndiye musathamangire kugula chingwe cha USB-C chopita ku HDMI chifukwa choti bowo la foni yanu ndi la USB-C. Mabowowa amafanana maonekedwe, koma mafoni ambiri otchipa satulutsa chithunzi pamenepo. Bowolo ndi lotchajira ndi kusamutsira mafayilo basi. Ngati mukugula foni yakale ya S pamsika, muuzeni wogulitsayo ailumikize ku sikirini inu mukuona musanapereke ndalama. Kwa enafe, kachipangizo kakang'ono ka OTG kamalola mafoni ambiri a Android kulandira kiyibodi ndi mausi. Sikirini ikhala yaing'ono yomweyo, koma CV ija muilemba ndi zala zonse khumi.