PAM

PAM, chidule cha Pluggable Authentication Modules, ndi laibulale ya makompyuta a Unix ndi Linux imene mapulogalamu amadalira potsimikiza kuti wolowa pa akaunti ndi mwini wake.

Inayambitsidwa ndi kampani ya Sun Microsystems mu 1995. Mitundu yake yodziwika ndi Linux-PAM, ya Solaris, ndi OpenPAM ya FreeBSD ndi macOS. Ya Solaris siika liwu lakuti const pa mauthenga opita kwa wolowayo, ndipo imawasanja mosiyana ndi inzake. Mac OS X yakale inkasunga fayilo ya PAM yotchedwa pam_appl.h mu foda ya pam m'malo mwa foda ya security. Choncho pomanga mapulogalamu monga OpenSSH kapena sudo, pulogalamu ya configure imayamba yafufuza mtundu wa PAM umene ulipo, kenaka mizere yoyenera ya pulogalamu yomangidwayo imasankhidwa ndi #ifdef.

Mawu ogwirizana nawo: Autoconf, BSD Authentication.