Magolovesi si a mphepo yokha

M'mwezi wa Julaye, chiperoni chikatsika m'Phiri la Mulanje n'kukuta Michesi mpaka osaoneka, anyamata a kabaza pa Migowi amaima pasiteji manja atapisa m'khwapa. Ena amakhala atavala magolovesi, ndipo ndimakonda kuwayang'anitsitsa manjawo. Uyu wavala aubweya otola pakaunjika, uyo wavala ansalu yokhakhala amene amanyamulira njerwa, winayo agoloboyi ochita kudula kuzala. Onsewa timangoti magolovesi. Poti dzina ndi limodzi, tinazolowera kuganiza kuti ntchito yakenso ndi imodzi, yoletsa kukongwa.

Nanenso ndinkadziwa choncho mpaka pamene ndinapita ku Joni. Ndinkagwira ntchito m'galaja ina ku Pretoria, ndipo Loweruka lina abwana anga ananditenga ku Zwartkops, bwalo lothamangitsira galimoto lotalika makilomita 2.4, pa tsiku limene eni ake amalitcha track day. Tsikuli si la mpikisano ayi. Bwalo amalitsegulira anthu wamba. Munthu amalipira, n'kubwera ndi galimoto yomwe amapitira kuntchito, n'kuipondereza moto mmene mtima wake ukufunira, pamalo opanda mbuzi, opanda mwana wasukulu, opanda wanjinga wodutsa. Chikho palibe. Kawirikawiri amangofuna chisoti, malaya a manja aatali ndi nsapato zotseka, ndipo magolovesi ndi kufuna kwa mwini. Mpikisano weniweni, ngakhale wa anthu osalipidwa, uli ndi mwambo wina. Pamafunika laisensi, ndipo musanalowe pamakhala kafukufuku wotchedwa scrutineering, pamene oyendera amaunika galimoto ndi chovala chilichonse cha dalaivala. Magolovesi opanda chizindikiro chovomerezeka amabwezetsa munthu kunyumba.

Tsiku limenelo dzuwa linali loswa mtengo, koma abwanawo anavala magolovesi ofika pakati pa mkono. Ndinawafunsa kuti, "Bwana, kutentha konseku, amenewa ndi achiyani?" Anavula imodzi n'kundiponyera. Inali yopepuka ngati sokosi, yofewa, yoti mphepo ya ku Fort Lister ingailowe mosavuta. Yankho lawo linali liwu limodzi: moto.

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona. Golovesi iliyonse imasokedwa poganizira mdani wamkulu mmodzi, ndipo mdani wa dalaivala womangidwa malamba m'galimoto yodzaza petulo ndi moto. Nsalu ya golovesi yake ndi ya ulusi wa aramid, umene ambiri amaudziwa ndi dzina la Nomex, wopangidwa ndi kampani ya DuPont m'zaka za m'ma 1960. Anthu ena amati nsaluyi siipsa, koma kumeneko n'kukokomeza. Zoona zake n'zoti siisungunuka ndipo siikolezera moto. Imangoda n'kuuma ngati khala, n'kuchedwetsa kutentha kufika pakhungu. Nayiloni amachita zosiyana kwambiri. Aliyense amene anadontheredwapo jumbo yoyaka pa chala akudziwa mmene imakakamirira n'kupitiriza kuwotcha ngakhale lawi litazima. Golovesi ya nayiloni pamoto imasanduka jumbo yomweyo kuzungulira dzanja lonse.

Choncho chimene wogula amagula ndi masekondi. Pa 29 Novembala 2020, ku Bahrain, galimoto ya mpikisano ya dalaivala Romain Grosjean inawomba chotchinga chachitsulo, n'kuduka pawiri, n'kuyaka. Anakhala m'malawi masekondi pafupifupi 28. M'masekondi amenewo anayenera kumasula malamba, kudzikoka, ndi kugwira chitsulo chotentha kuti adumphe, ndipo zonsezo ndi ntchito za manja. Anatuluka wamoyo, atapsa kuseri kwa manja. Zala zikanalephera pa sekondi yachisanu, thupi lonse likanatsala momwemo. Nchifukwa chake bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, la FIA, lili ndi muyezo wa zovala zoterezi. Wakale ndi 8856-2000, watsopano ndi 8856-2018, ndipo ku America amatsata wa SFI 3.3. Manambalawa amalembedwa pa golovesi penipenipo, chakukhosi kwake. Wogulitsa angalumbire motani, chimene oyendera amawerenga ndi manambalawo.

Mdani wachiwiri ndi wamng'ono koma ndi wa tsiku ndi tsiku: thukuta. Munthu akazungulira bwalo kwa mphindi 20, mtima uli m'mwamba, zikhatho zimanyowa ndipo chiwongolero chimayamba kuterera ngati mlamba. Pachikhatho pa golovesi amamatapo timizere ta silikoni kapena kusokerapo chikopa chofewa cha suede. Liwu lathu la izi ndi kugwira, monga timanenera kuti matayala akugwira kapena mabuleki sakugwira. Golovesi yogwira bwino imalola dalaivala kufewetsa dzanja. Yoterera imamukakamiza kufinya chiwongolero, mikono n'kutopa, ndipo mikono yotopa ndi imene imachedwa pakona.

Palinso chinthu china chimene Chichewa chimachinena bwino kwambiri. Ife timati kumva phokoso, kumva kuwawa, kumva fungo, kumva nkhani. Dalaivala wabwino amamva msewu ndi zala. Matayala akutsogolo akayamba kutaya mphamvu pakona, chiwongolero chimapepuka pang'ono, maso asanaone kanthu, ndipo uthengawo umadzera m'chikhatho. Golovesi yokhuthala imagonthetsa dzanja. Amisiri owotcherera zitsulo ali ndi magolovesi achikopa olimbana ndi moto, koma mutawavala pachiwongolero simungamve chilichonse, ngakhale batani simungalipeze. Luso la osoka magolovesi a mpikisano, monga Sparco, OMP ndi Alpinestars a ku Italy, lili pa kuyanjanitsa ziwirizi: kuseri kwa dzanja kutetezedwe mokwanira, kuchikhatho kukhale kopyapyala.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi msoko. Magolovesi okwera mtengo amasokedwa msoko uli kunja, moti telala wa pa Phalombe atawaona anganene kuti mwavala chotembenuza. Amachita dala. Msoko wamkati umakhala pakati pa chala ndi chiwongolero, ndipo ukakhuza malo amodzi kwa ola lathunthu umatulutsa matuza. Zala zakenso amazisoka zopindika kale, monga dzanja limakhalira likagwira mpini, kuti nsalu isamakwinyike m'chikhatho.

Saizi amayeza ndi tepi ya telala, kuzungulira chikhatho m'munsi mwa zala, chala chachikulu osachiwerengera. Golovesi izithina pang'ono osachititsa dzanzi, ndipo kunsonga kwa zala kusatsale kathumba. Yokhwepa imazungulira yokha dzanja likutsalira. Khosi lake lizikwera pamwamba pa mkono wa ovolosi kuti pasaoneke khungu. Ngakhale mtundu uli ndi chifukwa. M'galimoto za mpando umodzi zimene zimanyamuka zitaima pamzere, lamulo la FIA limati magolovesi akhale owala ndi osiyana ndi mtundu wa galimoto, kuti injini ikazima dalaivala akweze manja woyambitsa mpikisano amuone msanga.

Kuno kwathu bwalo lothamangitsira galimoto kulibe. Mpikisano umene phiri lathu limaudziwa ndi wa miyendo, Porters Race ya ku Likhubula. Koma liwiro lilipo, ndipo lili pa njinga zamoto zimene zadzaza msewu wochokera ku Chitakale kudzera pa Phalombe kulowera ku Jali, ndi tinjira tafumbi topita ku Chiringa. Mdani wa wakabaza si moto ayi, ndi nthaka. Munthu akagwa, asanaganize n'komwe, manja amatsogola, ndipo chikhatho ndicho chimayamba kukhuzika pa phula.

Mwana wa mlongo wanga anagwa potsika njira ya ku Fort Lister, tayala lakutsogolo litaterera pa timiyala. Sankathamanga kwambiri. Anali atavala magolovesi aubweya aja, ndipo yakumanja inavuka n'kutsala m'mbuyo, yakumanzere inang'ambika ngati pepala lonyowa. Ndinaima pambali namwino akuzula timiyala ndi tiulusi taubweya m'chilondamo, kamodzikamodzi, mnyamatayo akuluma kolala ya malaya ake. Kwa masabata atatu sanathe kutema nsima. Mayi ake ankamudyetsa ndi supuni, njinga itaima pakhonde, mwini wake akuwerengera masiku a ndalama zimene sizikubwera.

Golovesi ya njinga yamoto ili ndi mawu akeake. Chikopa chake ndi cholimba, ndipo pansi pa chikhatho, chakumbali ya chala chaching'ono, amaphatikiza kawiri kapena kuikapo kachidutswa kolimba koti dzanja lizitsetsereka m'malo mokodwa n'kuthyoka. Pa mfundo za zala pamakhala chotchinga. Pa mkono pamakhala lamba, ndipo lambayo ndiye mwini nkhani, pakuti golovesi yovuka pogwa siiteteza kanthu. Muyezo wake ku Ulaya ndi EN 13594, ndipo zilembo za KP zimasonyeza kuti chotchinga cha mfundo za zala chinayesedwa. Golovesi ya Nomex ija, ngakhale ndi yodula, pa phula ingathe msanga, chifukwa sinasokedwere kukhuzika. Nayonso ya njinga siyoyenera m'galimoto ya mpikisano, poti sinayesedwe pamoto. Chikopa chikapsa chimafota n'kumanga zala.

Ndikudziwa kuti ndalama ya kabaza ndi yochepa, ndipo sindikuuza munthu kuti akasake za m'sitolo za ku Blantyre. M'mabelo a kaunjika mumatuluka magolovesi enieni a njinga, ndipo nthawi zambiri amangosakanizidwa ndi aubweya pamulu umodzi. Achimwene anga a kabaza, mukapita pamsika wa Migowi kapena Chiringa, musangofunsa ofunda. Tembenuzani golovesiyo muone chikhatho ngati chili chachikopa chophatikiza, kokani msoko muone ngati ukugwira, muvale, mumange lamba, kenaka mnzanu ayese kuikoka kuzala. Ikavuka, isiyeni pomwepo.