Bwalo la Gule ndi Wailesi Yakanema: Mbiri ya Achewa a ku Migodi ya Bindura

Munthu wochoka ku Harare kulunjika kumpoto chakum'mawa, akayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 90 nalowa m'chigwa cha mtsinje wa Mazowe, amafika pa tauni ya Bindura, imene poyamba inkatchedwa Kimberley Reefs chifukwa cha mgodi wa golide umene Azungu anatsegula kumeneko, kufikira chaka cha 1913 pamene njanji inafika ndipo dzina linasinthidwa. Dziko limenelo ndi la Ashona kuyambira kale lomwe. Koma iye amene angatchere khutu m'makomboni a ku Trojan, kapena a ku Shamva chakum'mawa kwake, adzamva nkhalamba zikupatsana moni m'Chichewa, adzapeza a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe amene sanapondepo ku Dedza kapena ku Kasungu chibadwire, ndipo tsiku la maliro adzamva mbalule ikulira monga iliramo ku mudzi. Mbiri ya anthu amenewa ili ndi phunziro lalikulu pa nkhani imene ikusautsa mitundu yambiri masiku ano, ndiyo mphamvu imene wailesi yakanema ili nayo youmba maganizo a anthu pa anzawo, ndi mphamvu imene luso lili nayo yoyankha.

Makolo awo sanapite ku Rhodesia chifukwa chokonda kuyenda. Msonkho wa nyumba umene boma la Nyasaland linaika unkafuna ndalama, pamene ndalamazo kumudzi kunalibe. Ndipo eni migodi a kumwera, posowa manja okumba, anakhazikitsa m'chaka cha 1903 bungwe lolemba anthu ntchito lotchedwa Rhodesia Native Labour Bureau, limene antchito eni ake ankalitcha chibalo chifukwa cha kuwawa kwa goli lake. Ambiri, pokana kugwidwa ndi bungwe limenelo, ankadziyendera okha wapansi kudzera ku Tete, nawoloka Zambezi, nagona m'thengo masabata angapo, kamba wawo ali ufa wa m'thumba, kufikira ataona utsi wa mgodi. Kumeneko moyo unkayezedwa ndi tikiti ya masiku ogwira ntchito ndi phoso la ufa, nyemba ndi kanyama kochepa. Ndipo amene anachedwa kubwerera, nakwatira komweko, abale awo kumudzi anawatcha machona. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka; koma alendo awa anakhala, nabereka ana ndi adzukulu, naika akufa awo m'nthaka ya eni ake. Sanalinso anthu ogonja monga ena amawayesera, pakuti m'chaka cha 1927 antchito zikwi zingapo a pa mgodi wa Shamva ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo amene anatsogolera sitalaka imeneyo, imene inali imodzi mwa zazikulu zoyamba m'dziko lonselo, anali amuna a ku Nyasaland.

Munthu woyenda wapansi sanyamula katundu wambiri, komabe iwo ananyamula chinthu chimene mlonda wa pachipata sakanatha kuchisecha. Achewa anafuna malo obisika kuseri kwa komboni, pafupi ndi manda, nakhazikitsa dambwe. Ayao anabwera ndi beni. Ndipo onse pamodzi anayambitsa timabungwe tothandizana pa maliro, kuti mnzawo womwalira kutali ndi kwawo asaikidwe popanda mwambo. Tsono gule wamkulu sanali wongoperekeza mizimu kokha, analinso woweruza amoyo. Simoni wa nkhope yofiira ngati yopsa ndi dzuwa ankavina modzikweza monga Mzungu wolamula; Maliya ankatulukira ndi ulemu wonyengezera wa ku mishoni; ndipo ovina beni, atavala zonga za asilikali, ankaguba moseketsa pamaso pa omwe ankawatsanzirawo. Kapitawo wankhanza, kalaliki wonyada, mwamuna woiwala mkazi kumudzi, onsewa ankatha kudzipeza okha m'nyimbo ya amayi Lamlungu masana, anthu onse akuomba m'manja. Motero anthu amene sabata yonse anali oyang'aniridwa ndi kuwerengedwa, tsiku limodzi ankasanduka oyang'ana ndi oweruza.

Zithunzi zoyenda zinawapeza ali ndi mwambo umenewu. Kuyambira 1948 bungwe la Central African Film Unit linkajambula makanema ophunzitsa anthu akuda zimene boma linkafuna kuti aphunzire, ndipo m'chaka cha 1960 wailesi yakanema inayamba kuulutsa ku Salisbury, ikutumikira makamaka mabanja a Azungu. M'zaka zomwezo kampani ya Anglo American inakulitsa ntchito ya nikelo pa Trojan, ndipo Bindura Nickel Corporation inakhazikitsidwa mu 1966. Pambuyo pake, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mgodi wa golide wa Freda Rebecca unatsegulidwa. Ufulu utabwera mu 1980, wailesi ija inakhala ZBC, ndipo popeza makomboni a migodi ikuluikulu anali ndi magetsi, kanema analowa m'holo ya mowa ndi m'nyumba ya wantchito amene wakwezedwa, m'mene ana a mzere wonse ankaunjikana pansi madzulo. Tikumbukire kuti ku Malawi kunalibe wailesi yakanema kufikira 1999. Chotero mwana wa tchona sanaonepo mtundu wake ukudzijambula wokha, koma nthawi zonse ankauona monga ena aujambulira.

Nanga ankaona chiyani? M'masewero oseketsa munthu wa ku Malawi kawirikawiri ankatulukira ngati wantchito wa m'nyumba kapena wa m'dimba, wolankhula Chishona chopotoka, wotchedwa achimwene ngakhale ndi ana, wokhulupirika koma wosachenjera. Ndipo gule, amene Ashona amamutcha zvigure, akatchulidwa m'nkhani, ankatchulidwa ngati chinthu choopsa cha kumanda, chothamangitsa anthu ndi zikwapu. Maina onyoza monga mabhurandaya, manyasarandi ndi mabwidi sanayambe ndi kanema, anali m'kamwa mwa anthu kuyambira m'masiku a chibalo. Koma chimene kanema anachita ndi kuwapatsa nkhope imodzi, naibwereza madzulo ndi madzulo m'nyumba zonse nthawi imodzi, kufikira mwana wa ku Masvingo amene sanakumanepo ndi Mchewa anayesa kuti akumudziwa kale. Tsankho lotere sililowa ndi mkwiyo, limalowa ndi chiseko, ndipo n'chifukwa chake limakhalitsa. Pakuti munthu amakana mawu achipongwe akawamva, koma nthabwala amaimeza osaitafuna.

Kuopsa kwa chithunzi chimenechi kunaonekera poyera m'chaka cha 2000, pamene mafamu a Azungu anayamba kulandidwa, ndipo chigawo cha Mashonaland Central, chimene likulu lake ndi Bindura, chinali pakati peni peni pa namondweyo. Wailesi yakanema yofika m'dziko lonse inali imodzi yokha, ndipo pansi pa nduna yofalitsa nkhani Jonathan Moyo inadzaza ndi nyimbo zotamanda nkhondo ya minda, zoonetsa ana a nthaka akulima mokondwera. Koma antchito a m'mafamu, amene ambiri anali zidzukulu za anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo amene anataya ntchito ndi pogona tsiku limodzi, sanaoneke m'zithunzi zimenezo. M'nyengo yomweyo Pulezidenti Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda, kutanthauza kuti ndi obwera. Ndipo lamulo la unzika la 2001 linalamula aliyense amene makolo ake anachokera kunja kuti akane unzika wa dziko limene mwina sanalionepo, kotero kuti ambiri anapezeka ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, nalephera kuvota. Zinakhala monga m'masiku a Aisraeli ku Igupto, pamene inauka mfumu imene inali itaiwala ntchito za Yosefe. Munthu amene wasekedwa zaka makumi awiri savuta kumufafaniza m'kaundula.

Achewa a ku migodi analibe nyuzipepala kapena wailesi yoti ayankhire, koma anali ndi bwalo. Taonani maliro a nkhalamba ya pa komboni. Ng'oma zawambidwa pamoto wa mapesi mpaka chikopa chakungika. Amayi aima mbali imodzi atamanga zitenje m'chuuno, akuyimba ndi kuomba m'manja. Wakunjira akugwedeza chisekese kutsogolera chilombo kuchokera kuthengo, ndipo chikafika chimapalasa fumbi lofiira la mgodi mpaka kuphimba madenga a malata. Womwalirayo akutchulidwa ndi mfunda wake, Phiri kapena Nkhoma, ndi mudzi wa makolo ake, pamaso pa anansi a Chishona amene abwera kudzakhuza. Palibe amene wakwera pa nsanja kutsutsa pulezidenti, komabe mawu akuti anthu awa alibe mfunda agwa okha pansi. Wolemba mbiri Anusa Daimon, amene wafufuza kwambiri za Amalawi a ku Zimbabwe, waonetsa m'zolemba zake kuti gule anakhala njira imene anthu amenewa anadzisungira dzina lawo m'nthawi imene boma linkawakana.

Koma gule amachita choposa kukumbutsa mfunda, pakuti amaphunzitsa kaonedwe. Mwana wokulira pa bwalo amadziwa kuti chilombo chilichonse chili ndi mwambi wake, kuti mphuno yaitali kapena mimba yotupa ikunena kanthu za khalidwe la munthu, ndipo amazolowera kufunsa kuti chimenechi chikudzudzula yani, ndipo chifukwa ninji. Gule sakana zatsopano. Anameza galimoto, ndege ndi nkhope za anthu otchuka a m'makanema, monga angachitire umboni aliyense wokaona zosungidwa ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Chinthu chimene pa kanema chimaoneka chaulemerero ndi chosafunsika, chikalowa m'bwalo chimavina m'fumbi, amayi nachiyankha. Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu: kanema amalankhula yekha, woonera ali chete, pamene pa bwalo chilombo sichingavine ngati amayi akana nyimbo.

Yankho lachiwiri linatulukira m'magitala. Nyimbo za sungura zinakulira m'mafamu ndi m'migodi, ndipo dera lino linapereka ena mwa akatswiri ake: John Chibadura anabadwira ku Bindura mu 1957, Nicholas Zakaria wa Khiama Boys, mwana wa mbumba ya ku Malawi, anakulira ku Mazowe, ndipo Alick Macheso, amene anabadwira ku Shamva mu 1968, ataimba gitala la besi kwa Zakaria zaka zingapo, anayambitsa gulu lake la Orchestra Mberikwazvo. Chimbale chake cha Simbaradzo chinatuluka mu 2000, chaka chomwecho chimene anthu a mtundu wake ankathamangitsidwa m'mafamu, ndipo chinagwedeza dziko lonse. Iye ndi Zakaria sanabise chiyankhulo cha makolo awo, anachiyimba poyera pamodzi ndi Chishona. Ndipo lamulo la 2001 lokakamiza mawailesi kuti magawo 75 pa 100 a zoulutsa akhale a m'dziko momwemo, ngakhale linapangidwa ndi cholinga china, linawatsegulira khomo koposa. Motero pa kanema yemwe uja, m'pulogalamu ya nyimbo ya Ezomgido, anthu anaona mwana wa kufamu ali mwini gulu, wolemba anzake ntchito, ndipo makamu amene ankaseka kalankhulidwe ka achimwene anayamba kuloweza mawu a Chichewa kuti ayimbe naye. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Tisanamize komabe kuti luso ndi loyera m'zonse, pakuti anyani sasekana zikundu. Gule nayenso ali ndi zilombo zoseka Mngoni, Mmwenye ndi Mzungu. Ndipo alipo anyamata ena osamva mwambo amene, pobisala m'dzina la dambwe, amenya ndi kulanda anthu m'misewu, napatsa atolankhani nkhani imene ankaifuna. Akuluakulu a mzinda amene salanga zotere amathandiza okha kujambula chithunzi chimene akudandaula nacho. Kusiyana kwake n'kwakuti wosekedwa pa bwalo ali pomwepo, ndipo mawa akhoza kupeka nyimbo yake yobwezera, pamene wosekedwa pa kanema wa boma analibe khomo loti akagogode.

Zinthu zasinthako. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, nabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nawo a SADC. Migodi nayo yadutsa m'masautso, Trojan anaima ntchito mu 2008 kwa zaka zingapo, ndipo ana ambiri a m'makomboni anabalalika kukafuna golide m'maenje a m'mapiri. Lero mnyamata wa ku Shamva amajambula gule ndi foni yake natumiza kwa abale a ku Lilongwe, ndipo mphamvu yojambula, imene kale inali ya nyumba imodzi ku Harare, ili m'manja mwa aliyense. Koma foni nayonso imafalitsa chipongwe msanga kuposa kanema, ndipo lamulo lolembedwa silichotsa lokha zimene zinakhazikika m'mitima. Chifukwa chake ntchito imene inayambika m'makomboni a Bindura sinathe: aphunzitsi a m'sukulu za m'deralo, oyimba, opeka masewero ndi eni dambwe ali ndi udindo wozoloweza ana kufunsa, pa chithunzi chilichonse chimene aonetsedwa, kuti wachipanga ndani, akufuna kuti tiseke yani, ndipo wosekedwayo wapatsidwa mpata wotani woti ayankhe.