Vitumbuwa, Mtedza ndi Paketi ya M'sitolo: Mbiri ya Zokhwasula M'makomboni a Lusaka

Chitulukireni buku la Tim Noakes ndi anzake lotchedwa The Real Meal Revolution ku South Africa m'chaka cha 2013, mchitidwe wopewa zakudya za sitalichi ndi shuga wafalikira m'mizinda yambiri ya chigawo chino, ndipo Lusaka sanatsalire. Kumayadi anthu amatsutsana ngati kuli bwino kugula m'sitolo mabisiketi amchere opangidwa ndi nthanga, kapena kudziphikira okha mu uvuni kuti adziwe zimene aikamo. Mkanganowu ukafika ku Kanyama, Chawama kapena George umasokonekera, chifukwa kumeneko zokhwasulakhwasula zambiri zogula n'zophikidwa pakhomo, pambaula ya mayi wa nyumba yachitatu kuchokera pako. Mbiri ya makomboniwa ikuonetsa kuti chimene chakhala chikusankhira anthu chodya pakati pa tsiku ndi mtengo wa fulawa, shuga ndi mafuta ophikira, ndiponso ndale zimene zinkaika mitengoyo. Zoti chakudyacho chatuluka m'fakitale kapena m'khitchini sizinena zambiri za sitalichi amene ali m'kati mwake.

Pamene Lusaka anakhala likulu m'chaka cha 1935, atsamunda anaukonza ngati mzinda wa azungu, munthu wakuda n'kumaonedwa ngati mlendo wodzagwira ntchito amene tsiku lina adzabwerera kwawo. Nyumba za khonsolo za ku Matero ndi Chilenje sizinakwanire, choncho anthu anayamba kumanga pa mafamu ndi pafupi ndi malo ophwanya miyala, akulipira eni malo. George anatenga dzina kwa George Hadjipetrou, amene ankaumbitsa njerwa kumeneko. Ufulu utabwera mu 1964 malamulo oletsa kulowa m'tauni anatha, ndipo chiwerengero cha anthu a mu Lusaka chinachoka pa 123,000 mu 1963 kufika pafupifupi 262,000 mu 1969. Ntchito zolipidwa pamwezi zinali za amuna. Amayi ambiri, monga amene wofufuza Karen Tranberg Hansen anayamba kucheza nawo ku Mtendere mu 1971, ankadalira kugulitsa tinthu pakhomo kapena pamsika. Malonda osavuta kuyamba anali a zakumudzi. A kum'mawa anabwera ndi mtedza wa Chalimbana, a kumpoto anabwera ndi chikanda, mphalabungu zotchedwa vinkubala ndi chinangwa chootcha chodyera mtedza, Atonga anabwera ndi mkaka wosasa wotchedwa mabisi. Tisanamize anthu kuti zonse zakale zinali zopanda sitalichi, pakuti chimanga chootcha, mbatata, chinangwa ndi nzimbe zinali pomwepo. Koma pambali pake panali zakudya zokhala ndi mafuta achilengedwe ndi zomanga thupi, ndipo zinali zotchipa.

Tirigu ndi shuga zinalowa ndi ulemu wa moyo wa m'tauni. Minda ya nzimbe ya Nakambala ku Mazabuka itayamba kutulutsa shuga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, shuga anakhala katundu wa m'dziko momwemo, ndipo boma la Kenneth Kaunda, limene linkayendetsa zigayo zikuluzikulu, linkaika mitengo ya zakudya zofunika. Tiyi wa buledi anali chizindikiro choti munthu wafikadi mu Lusaka. Vitumbuwa vinakula m'nthawi imeneyi chifukwa mpamba wake ndi wochepa kwambiri: fulawa, shuga, yisiti, saladi (mafuta ophikira), makala ndi chiwaya. Mayi amakanda usiku, n'kusiya kuti zifufume, n'kudzuka kusanache kuti pofika nthawi imene ana a sukulu ndi makondakitala akudutsa, ndowa ya pulasitiki ikhale itadzaza, vitumbuwa vikutulutsa thukuta pansi pa chivindikiro. Mafuta otsala sawataya. Amawasefa n'kuwonjezera atsopano pang'ono, mpaka amada. Fulawa ali ndi ubwino wina umene wogulitsa aliyense amaudziwa: amafufuma, ndiye kogulitsa kamaoneka kakakulu kuposa ndalama imene yalowamo. Mtedza sufufuma. Supuni imodzi imakhalabe supuni imodzi.

Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, zinthu zinayamba kusowa ndipo anthu ankafola pamzere wa buledi, shuga ndi saladi. Boma litayesa kukweza mtengo wa ufa wa chimanga, ku Copperbelt kunabuka zipolowe mu December 1986, ndipo mu June 1990 zinabukanso mu Lusaka mwenimweni. Wandale aliyense anaphunzirapo kuti munthu wa m'tauni akhoza kupirira zambiri koma osati kudula kwa chodzaza mimba. Palibe amene anathyolapo sitolo chifukwa cha mtengo wa mtedza, ndipo n'chifukwa chake maso a maboma onse akhala pa chimanga. Chipani cha MMD chitalowa mu 1991 thandizo la pa mtengo wa ufa linachotsedwa, makampani a boma anagulitsidwa, amuna ambiri ntchito zinawathera, ndipo tuntemba, timasitolo ting'onoting'ono, tinachuluka m'njira iliyonse. Iyi ndiyo nyengo ya pamela, ufa wa mlingo wa nsima imodzi, ndi zigolo, madzi a shuga omwera buledi pamene masamba a tiyi ndi mkaka palibe. Mu 1998 Zambia inalamula kuti shuga wogulitsidwa m'dzikomo aziikidwa vitamini A. Cholinga chinali chabwino, koma lamulolo likutiuzanso zina: akatswiri atafuna chakudya chimene chingafikitse vitamini m'nyumba zambiri, anasankha shuga.

Paketi ya m'fakitale inadza mochedwa. Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road mu 1995, Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, ndipo makampani a mu Lusaka momwemo, monga Trade Kings imene inayamba mu 1995, anaphunzira msanga kuti wa m'komboni amagula pang'onopang'ono. Mabisiketi, maswiti, majigizi ndi maheu a m'botolo zinayamba kupakidwa m'milingo ya ndalama yachitsulo. Paketiyo sinathamangitse chitumbuwa. Zonse zili pa tebulo limodzi pachipata cha sukulu, ndipo kwa munthu amene akuopa shuga m'magazi kusiyana kwake n'kochepa, chifukwa zonse ndi ufa woyera wokumana ndi mafuta, kwina shuga kwina mchere. Mu magalamu 100 a fulawa muli magalamu oposa 70 a sitalichi, ndipo mabisiketi amchere wamba, amene ambiri amawaona ngati chakudya cha odwala, sali kutali ndi pamenepo. Mu magalamu 100 a mtedza, sitalichi, shuga ndi gaga zonse pamodzi zimangokwana magalamu 16, pamene zomanga thupi zimafika pafupifupi 25. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi ku Zambia anali wonenepa mopitirira mlingo, ndipo amayi ndiwo anali ambiri. Msonkho wa 30 ngwee pa lita umene boma linaika pa zakumwa zotsekemera mu 2019 unali wochepa moti wogula sanaumve n'komwe.

Choncho mayi wa ku Kalingalinga amene kuchipatala amuuza kuti ali ndi matenda a shuga sakufunika kukwera basi kukasaka paketi yodula. Zimene akufuna zili pa tebulo lomwe lija, kumapeto: mtedza wokazinga wowazidwa madzi amchere, woyezedwa ndi kachivindikiro ka botolo, mazira owiritsa a mchere ndi tsabola, vinkubala, kapenta wokazinga, nthanga za maungu. Chimene zakudyazi zinataya ndi ulemu basi. Mlendo ukam'patsa mabisiketi ndi chakumwa cha m'botolo ndiye kuti wam'landira, koma ukam'patsa mbale ya mtedza amaganiza kuti pakhomopo mwezi wavuta.

Wina anena kuti paketi ndi yotsekedwa, ndipo pali zolembedwa zosonyeza zimene zili m'kati, pamene za pamsewu zimadya fumbi ndi ntchentche. Amene anaona kolera ya 2017 ndi 2018, pamene asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu ndipo ku Kanyama kunachitika zipolowe mu January 2018, sanganyoze mfundo imeneyi. Komabe gwero la kolera ku Kanyama ndi madzi: zitsime zosazama ndi zimbudzi zokumba zili pa mwala wa laimu umene umalola zonyansa kudutsa mosavuta, makamaka m'dzinja. Dzira lokhala m'chikamba chake ndi mtedza wophikidwa m'makoko n'zotetezeka kuposa zambiri zimene anthu amadya osaganiza. Chiopsezo chenicheni cha mtedza ndi chuku. Mtedza wosaumitsidwa bwino umakhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikum'thetsa. Apa fakitale imene imayezadi katundu wake imapambana mayi wa pambaula, ndipo n'kulakwa kubisa zimenezi. Wogula angachepetse vutoli posankha mtedza wathunthu n'kutaya wofota, wakuda ndi wowawa, koma ntchito yaikulu ili poumitsa ndi posunga, kuyambira kumunda ku Chipata ndi Petauke kufikira ku Soweto Market.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyambayo: njala. Mnyamata wokankha wilibala tsiku lonse safuna kumva za kupewa sitalichi, ndipo m'dziko limene kafukufuku wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, kulalikira zochepetsa kudya kwa aliyense n'kusadziwa anthu. Izi n'zoona, ndipo palibe chifukwa choti wokankha wilibala asiye chinangwa chake. Koma mwana wopinimbira sakusowa majigizi. Akusowa dzira, kapenta ndi mtedza, zomwe zija zimene agogo ake odwala shuga akufunanso.

Chikanda chokha chili ndi vuto lakelake. Chimapangidwa ndi timizu ta maluwa a m'madambo, tosinjidwa n'kuphikidwa ndi nsinjiro ndi soda, ndipo chitatchuka m'tauni madambo ambiri a ku Zambia anakumbidwa mpaka amalonda anayamba kukatenga timizuto kumapiri a kum'mwera kwa Tanzania. Chimodzi mwa zifukwa zimene dziko limenelo linakhazikitsira malo otetezedwa a Kitulo mu 2005 chinali kupulumutsa maluwa amenewa. Mtedza ulibe vuto lotero chifukwa ndi wolima, koma mtengo wake umakwera chaka chikamapita kudzinja, zokolola zisanafike, pamene shuga ndi fulawa zimachokera ku minda yothirira ndi m'nkhokwe za makampani chaka chonse. M'miyezi imeneyo wogulitsa mtedza amachepetsa mlingo wa kachivindikiro kake, ndipo mwana amene wapatsidwa ndalama imodzi amapita ku ndowa ya vitumbuwa.