Mawu Akuti Normal m'Chichewa cha m'Madera a Lilongwe

Pakati pa mawu achingerezi amene akhazikika m'Chichewa cha ku Kawale, Biwi ndi Area 23, mawu akuti normal ali ndi ntchito yosiyana ndi ya mawu monga foni kapena minibasi, chifukwa sanabwere kudzatchula chinthu chimene chinalibe dzina. Chichewa chili nawo kale mawu akuti chizolowezi, komabe wometa tsitsi wa ku Biwi amene makina ake aima kasitomala atametedwa mbali imodzi, magetsi atathima, amangoti "ndi za normal" n'kutenga sizasi.

Katswiri wa zinenero Carol Myers-Scotton anafotokoza mu 1993 kuti zinenero ziwiri zikakumana m'chiganizo chimodzi, chimodzi mwa izo ndicho chimaika malamulo a kamangidwe, ndipo chinacho chimangoponyamo mawu. Pano woika malamulo ndi Chichewa, popeza normal, amene m'Chingerezi ndi mfotokozi, ndiye kuti mawu ofotokoza dzina, amalumikizidwa ndi za, cha kapena wa monga zimachitikira ponena kuti zinthu za nzeru, pakuti afotokozi enieni a Chichewa, monga -kulu ndi -fupi, ndi owerengeka.

Chofunika kwambiri ndi mtundu wa zinthu zimene zimatchedwa choncho. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuthimitsa magetsi mosinthanitsa madera, kumene kampani ya magetsi ya ESCOM imakutcha load shedding pomwe anthu wamba amangoti bulakauti, kunalowa m'ndondomeko ya tsiku, moti wowotcherera zitsulo ku Area 25 ankayamba ntchito usiku magetsi akayaka. Momwemonso ndowa zondandalikidwa pa kiyosiki ya madzi ku Mgona kapena ku Chinsapo m'bandakucha, anthu anayi pa mpando wa minibasi wa anthu atatu, ndi mitengo ya zinthu imene inalumpha ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zimagwa m'gulu lomweli.

Ena amaona mawuwa ngati chizindikiro chakuti anthu agonja, koma maganizo amenewa ndi opupuluma. Chizolowezi nthawi zambiri chimakhala cha mwini wake, monga kulawirira kumunda, ndipo munthu akhoza kuyamikiridwa kapena kudzudzulidwa nacho, pamene za normal ndi zimene zimamugwera kuchokera kwina, iye alibe dzanja pa izo. Chingerezi ndicho chinenero cha zidziwitso za boma ndi makalata a m'maofesi, choncho mayi wogulitsa mafilizesi amene asungunuka asanafike nawo pamsika akamati "ndi za normal", kamvekedwe ka mawu ake kamakhala ndi kachipongwe kolunjika kwa eni chinenero cha zidziwitsocho, ndipo womvera aliyense wa m'deralo amadziwa kuti mayiyo sakunena kuti zinthu zili bwino.